Galimoto Yogwada

Mnyamata akaika mtima pa mkazi, maso ake amaona chinthu chimodzi chokha, ndipo zizindikiro zonse zimene zaikidwa m'njira kuti zimuchenjeze amazidutsa ngati udzu. Ndi mmene zinamuchitikira Nélio wa ku Mualadzi, nkhondo itangotha kumene, anthu akubwererabe kuchokera ku Zambia ndi ku Malawi kumene anathawira.

Nélio anachoka kwawo ali kamwana, anakulira mumsasa wa othawa nkhondo, kenaka anaphunzira umakaniko ku Chipata. Anzake anabwerera ndi makasu ndi mbewu. Iye anabwerera ndi galimoto ya Pijo yofiira, imene mwini wake woyamba, mnyamata wina wokonda kudzionetsera, anaidula masipuling'i akutsogolo kuti iziyenda chogwetsa mphuno. Pa tara inkaoneka bwino ndithu. Koma misewu ya kuno malole obweza anthu anali ataikumba ngalande ziwiri, pakati n'kusiya mtumbira wa dothi ndi miyala, ndipo Pijo ija inkakhula mtumbirawo ndi chifuwa. Kupatuka kunali kosatheka, pakuti m'mbali mwa njira mabomba okwirira anali asanachotsedwe, moti ngakhale woledzera ankadziwa kuponda pamene anzake aponda. Anthu anaitcha galimotoyo dzina loti Yogwada.

Mtsikana amene Nélio ankafuna anali Bernardete, mwana wa mayi Gilda, wa m'banja lopemphera limene silinathawe nkhondo. Lamulungu lina nkhoswe ya Nélio inayenera kukafunsira mbeta kwawo kwa mtsikanayo. Sinafike.

* * *

Nélio anakumana ndi Bernardete m'mawa mwake kuseri kwa tchalitchi, mtsikanayo ali ndi tsache m'manja.

"Amalume a Fernando anavala jekete kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka," anatero mtsikanayo osamuyang'ana. "Amayi anapha tambala amene ankatidzutsa. Lero tadzuka mochedwa nyumba yonse chifukwa cha inu."

"Koma uthenga ndinatumiza, Bena."

"Unafika nyama itazizira. Ndipo wotumidwayo ananena pamaso pa anthu kuti galimoto yanu yakodza mafuta panjira. Mudzi wonse unaseka. Amayi okha ndiwo sanaseke."

"Mwala unaboola pansi pa injini. Ndamata kale."

"Miyendo yanu inabookanso?"

"Ine ndikanabwera ngakhale chokwawa. Koma kodi mnyamata amadzifunsira yekha? Munthu wamkulu amene ndatsala naye ndi amalume a Silasi basi, ndipo mukudziwa kuti bomba linawasiyira mwendo umodzi. Mtunda wa kwanu sangaukwere ndi ndodo."

"Njinga zilipo."

"Ndinawauza. Anati, 'Ine ndikafike kwa eni mwana nditamangidwa pakaliyala ngati mbuzi yopita kumsika? Ukwatiwo ulekeke.'"

Bernardete anaseka asakufuna, ndipo anakwiya chifukwa choseka.

"Musandiseketse, a Nélio. Amalume a Fernando anena kuti akupatsani Lamulungu likubwerali, ikatha Misa. Mukalepheranso alandira anthu a kwa a Timóteo. Iwo afunsa kale tsiku."

Timóteo anali woyimbitsa kwaya, mnyamata waukhondo ndi wa mawu abwino, amene anakhala ku Mualadzi nkhondo yonse ndipo ankaona kuti zimenezo zokha zikumuyenereza kusankha mtsikana aliyense mumpingo.

"Nanga inuyo mukuti bwanji?" anafunsa Nélio.

"Ine sindikudziwa. Ndikakhala pano ndimafuna inu. Ndikafika kunyumba amayi amati, 'Anthu obwerawa ndi abale athu, koma sadziwa chimene tinaona.' Ndiye ndimagona ndikukuikirani kumbuyo, n'kudzuka ndikugwirizana ndi amayi. Atate anga anafera pamsewu, a Nélio. Kwathu munthu akanena kuti afika, timakhala pakhomo n'kumayang'ana njira. Inu simungamvetse."

Nélio anagwedeza mutu ngati wamvetsa. Apa ndi pamene munthu woleredwa bwino akanafunsa kuti ndi pamsewu uti, ndipo zinachitika motani. Iye sanafunse. Maganizo ake anali kale pansi pa galimoto.

* * *

Anapita ku Nsadzo, anapita ku Chifunde, koma masipuling'i a Pijo kunalibe. Anadula mphira wa tayala la thirakitala n'kuupanikiza pamwamba pa masipuling'i odulidwawo. Mphuno inangodzuka pang'ono, yosakwana n'chala chomwe. Timóteo anamupeza atagona chagada pansi pa galimotoyo, pamthunzi wa mango pafupi ndi msika.

"Mwaswera bwanji, a Zambia? Kodi ikupemphera kapena ikudwala?"

"Ikupuma," anayankha Nélio ali pansi pomwepo.

"Ndamva kuti vuto ndi mamola."

"Masipuling'i."

"Kuno timati mamola. Mwabwera kwanu, phunzirani kulankhula." Timóteo anatsamiritsa njinga yake pamtengo n'kupukuta fumbi pa nsapato. "Ndikudabwa kuti mmisiri ngati inu mukuvutika, chonsecho nkhondo inatisiyira magalimoto akufa msewu wonse."

"Opsa okhaokha. Chitsulo chikapsa chimafooka. Komanso ndani angaponde pafupi nawo?"

"Ilipo imodzi yosapsa. Pijo ngati yanu yomweyi, yoyera, pa njira yakale ya ku mishoni, mukangodutsa kamlatho kogumuka. Mabomba palibe. Pozungulira pake ndi posesa bwino kuposa pakhomo pa a Padre, wansembe wathu."

Nélio anatuluka n'kumuyang'anitsitsa. "Nanga mukundiuza chifukwa chiyani? Ine ndi inu tikulimbirana munthu mmodzi."

"Ine sindilimbirana ndi munthu, ndine Mkhristu. Ndipo sindinakuuzeni kuti mupiteko. Ndangonena kuti ilipo."

Chimene Timóteo sananene n'chimene ankadziwa aliyense amene anatsala kuno. Pijo yoyerayo inali ya ansembe, ndipo woyendetsa wake anali malemu Bernardo, atate ake a Bernardete. Tsiku lina anatumidwa kukatenga mankhwala, anthu a mfuti anamuombera panjira, ndipo mtembo wake sunapezeke. Popeza manda panalibe, mayi Gilda anaitenga galimotoyo kukhala manda a mwamuna wawo. Ankapita kukazula udzu, kukasesa ndi kukapemphera. Osula makasu anasadzula magalimoto ena amene ankatha kuwafikira, koma iyi palibe anaichotsa ngakhale bawuti. Munthu amene amayimbira Mulungu Lamulungu, mkati mwa sabata n'kutchera mnzake msampha pa manda, mlandu wake ndi waukulu. Koma ukulu wa mlandu wakewo suchepetsa mlandu wa wokodwayo.

* * *

Kutacha Nélio anabwereka njinga, anamangirira jeki ndi masipanala, n'kupita. Anaipeza monga anauzidwira. Magalasi anali osweka, zitseko zobooka ndi zipolopolo, matayala atang'ambika ndi dzuwa, koma pansi panali poyera, mizere ya tsache ikuonekabe. Pa chiwongolero panali kolona yakuda yopempherera. Pampando panali kachitini kokhala ndi phula la kandulo.

Anaima kanthawi. Mumtima mwake munabwera funso, ndipo iye mwini analiyankha msanga. Galimoto ya ansembe iliyonse imakhala ndi kolona. Kandulo ndi ya apaulendo amene anausa mvula. Kusesaku ndi kwa anthu obwera kudzachotsa zitsulo ngati iye. Mayankho onsewa anali opusa, koma anali ofulumira, ndipo chimene iye ankafuna chinali kufulumira.

Manati anali atagwira dzimbiri. Anawathira mafuta a nyale n'kuwagogoda mpaka analola. Sipuling'i iliyonse anaimanga ndi waya kuti isamudumphire kumaso, kenaka anazula miyendo yonse yakutsogolo, zitsulo zonyamula masipuling'iwo. Atachotsa jeki, Pijo yoyerayo inagwa chamutu, mphuno m'dothi. Sanacheuke.

Pofika madzulo a tsiku lotsatira, Yogwada inali itadzuka, moti munthu ankatha kulowetsa mutu ndi mapewa pansi pake popanda jeki. A Silasi anaizungulira ndi ndodo zawo, akusuzumira uku ndi uku.

"Tsopano yaoneka ngati galimoto ya munthu wofuna banja," anatero. "Kale inkaoneka ngati yobwera kudzapepesa."

Anaiyesa pa mtumbira woipa wa kuseri kwa msika. Inadutsa osakhula, ndipo nkhalambayo inaomba m'manja n'kulamula kuti jekete yake ichapidwe.

* * *

Loweruka Bernardete anatulukira yekha, nkhope itakwinyika.

"Ndamva kuti mkati mwa sabata munasowa tsiku lathunthu."

"Wakuuzani ndani?"

"A Timóteo, ku kwaya. Sananene zambiri. Anangoti anyamata a ku Zambia sasiya mapoto okha kumbuyo, ndipo malire ali pafupi. Kodi Shyreen ndi ndani?"

"Shyreen uti?"

"Musandiyese mwana. Dzinalo lili pa galasi lakumbuyo la galimoto yanu, ndi maluwa awiri m'mbali."

"Ndinaigula lilipo kale! Chinali chibwenzi cha mwini wake woyamba, yemwe anadula masipuling'i uja. Ine sindinamuonepo n'komwe."

"Ndiye mwakhala mukuyenda ndi chibwenzi cha eni nthawi yonseyi, osachifufuta? Mawa mukufuna kukaimika dzina limeneli pakhomo pa amayi?"

Nélio anatulutsa mpeni n'kuyamba kupala zilembozo mtsikanayo akuona. Atamaliza anamukokera kutsogolo kwa galimoto. Bernardete anawerama, anayang'ana, n'kuwongoka manja ali pakamwa.

"Yadzuka! Mayo ine, yadzukadi. Ndiye mawa mufika?"

"Tifika mpaka pa nkhokwe."

"Zitsulozi mwazipeza kuti?"

Apa Nélio anakumbukira kuseka kwa mudzi uja. Sanafune kuti anthu omwewo amve kuti wofuna mwana wawo amatola zitsulo m'tchire ngati wosula mipeni.

"Ndinagula ku Nsadzo," anatero, "kwa wamalonda wina wochokera ku Katete."

"Ndiye n'kumene munali tsiku lija?"

"N'kumene ndinali."

Bernardete anapuma mozama. "Pepani, a Nélio. Mutu wanga sukuyenda bwino masiku ano. Uyu akundiuza zake, uyo zake, ndipo onse amalankhula ngati akundifunira zabwino. Inu nokha musamandinamize, kuti ndikhale ndi pogwira."

"Sindingatero," anayankha Nélio, ndipo pakamwa pake sipanachite chibwibwi. Bodza limene munthu amanena pofuna kusunga ulemu wake limaoneka laling'ono kwa wolinenayo, chifukwa amaliyeza ndi manyazi ake, osati ndi chikhulupiriro cha womverayo.

* * *

Misa itatha, Pijo yofiira inakwera mtunda wa kwa mayi Gilda osakhudza mwala ngakhale umodzi, n'kukaima pafupi ndi nkhokwe. A Silasi anatsika mwaulemu ngati nduna. Nélio anatsala m'galimoto, pakuti nkhani ya mbeta mwini wake saikhalira.

A Fernando, mlongo wawo wa mayi Gilda amene anali mwini mbumba, analandira mlendoyo pamphasa ali ndi nkhope yosasekerera.

"Sabata yatha tinamva kuti mwadwalira panjira."

"Inadwala ndi galimoto, bambo. Ife tinali bwinobwino, kungoti tinakhala nayo pamatenda."

"Mwana wathu si wopita naye ku Zambia. Womufuna adzamanga pano, adzalima pano, adzapemphera pano."

"Ku Zambia kunatikwana. Ine ndinabwera kudzafera kwathu, ndipo mphwangayu ndikufuna ndimusiye ali m'manja mwa anthu."

Anakambirana nthawi yaitali, mawu akupita ndi kubwera monga mwa mwambo. Pomaliza Bernardete anaitanidwa, anagwada chapatali, n'kufunsidwa ngati akumudziwa mnyamata wa m'galimotoyo.

"Ndikuwadziwa," anayankha motsitsa mawu.

Ndipo Nélio anaitanidwa. Akuyenda kupita pamphasa, anakumana ndi mayi Gilda akuchokera kukhitchini ndi beseni la madzi. Anatsegula pakamwa kuti apereke moni monga ankachitira kutchalitchi, koma mayiwo anaika beseni pansi, anakokera chitenje kumutu mpaka kuphimba nkhope, n'kuzembera kuseri kwa nkhokwe.

"Amalume, ndalakwanso chiyani?" ananong'ona Nélio atakhala pansi.

"Chitsiru iwe, kumsasa kuja sunaphunzire kanthu? Akuchita nawe manyazi. Kuyambira lero ndi apongozi ako. Usawayang'ane kumaso, usawalankhule wekha. Mawu ako azidzera mwa ine kapena mwa alongo awo. Wapambana, mphwanga. Tseka pakamwapo, ntchentche zingalowe."

Bernardete, amene anali pakhonde, anaweramitsa mutu kubisa kumwetulira.

* * *

Chakudya chisanabwere, Timóteo analowa pabwalo ndi njinga, thukuta lili kamukamu, n'kugwada patsogolo pa a Fernando.

"Pepani akuluakulu, ndasokoneza. Anthu odula nsungwi andiuza potuluka m'tchalitchi, ndipo ndapita kukadzionera ndekha. Galimoto ya malemu a Bernardo aiphwasula. Miyendo yakutsogolo azula. Yagwa chamutu."

Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kulira kumodzi kokha, kwakufupi, ngati kwa munthu woponda khala la moto. A Fernando anaimirira.

"Nkhondo yonse palibe anaikhudza. Asilikali a mbali zonse ankaidutsa. Lero pa mtendere? Wachita zimenezi ndi mfiti!"

"Kapena mlendo," anatero Timóteo modekha. Ndipo potembenuza njinga yake anayang'ana Pijo yofiira ija n'kunena chapansipansi, "Yanu yadzuka bwino, a Zambia."

Nélio anatembenukira kwa Bernardete. Funso limene anayenera kufunsa kuseri kwa tchalitchi linatuluka tsopano, nthawi yake itapita.

"Bena, ndi galimoto iti imeneyo?"

"Pijo yoyera ya ansembe, pa njira yakale ya ku mishoni," anayankha mtsikanayo misozi ili mbwembwembwe. "Ndi manda a atate. Ena tilibe."

A Fernando anatembenukira kwa a Silasi. "Auzeni akamwini atithandize ndi galimoto. Tikaone tisanadye."

* * *

Timóteo anatsogola ndi njinga. M'galimoto a Silasi anakhala kutsogolo. Kumbuyo kunali a Fernando ndi Bernardete, pakati pawo mayi Gilda atafundabe chitenje kumutu. Njira yakale ya ku mishoni inali yopapatiza, udzu wautali mbali zonse, mtumbira wake woposa wa kwina konse. Galimoto inkangoudutsa pamwamba, ikunyamuka ndi kutsika mofewa. Kenaka mawu anatuluka pansi pa chitenje.

"Alongo, auzeni akamwini kuti zikomo. Muwauzenso kuti galimoto yawo ikuyenda bwino. Ikundikumbutsa mmene inkayendera ya a Padre, bambo ake a Bena akatitenga kupita ku Misa ya Pasaka."

Nélio anaponda buleki. Galimoto inaima pakati pa njira.

"Amalume, ndili ndi mawu opita kwa apongozi."

A Silasi anali atayamba kale kulumikiza zinthu m'mutu. Anamugwira pa bondo. "Yendetsa galimoto, mphwanga. Mawu amenewo si a lero."

"Ndi a lero. Muwauze kuti zitsulo zimene akukaona kuti zabedwa zili pansi pathu pano. Ndinazula ndine. Sindinkadziwa kuti ndi manda."

Aliyense anamva, koma mwambo ndi mwambo. A Silasi anatembenuka pang'ono, n'kubwereza mawu onsewo mmodzimmodzi, ngati munthu wosenza katundu wa mnzake.

"Tsikani!" anakuwa a Fernando. "Tonse titsike m'chinthu chimenechi!" Anatsegula chitseko, anaona udzu wosapondedwa uli pafupi ndi phazi lawo, anakumbukira za mabomba, n'kuchitsekanso. "Kolona sunaione, iwe? Kandulo sunaione?"

"Ndinaona, bambo. Sindinaganize. A Timóteo ndiwo anandilozera malowo. Anati ndi posesa, mabomba palibe."

"Sipanala anakugwirira ndi Timóteo? Zitsulozo zibwerere lero lomwe, ndi manja ako omwewo, ndipo zimene takambirana pamphasa paja zafufutika!"

"Dikirani, alongo."

Mayi Gilda anachotsa chitenje kumutu. Anayang'ana Nélio m'maso kudzera pa kagalasi ka woyendetsa, ndipo analankhula naye mwachindunji, chinthu chimene mpongozi sachita kwa munthu amene akumuyesabe mkamwini.

"Nélio. Bernardo anachoka pakhomo panga m'mawa, anati abwera chakudya chisanazizire. Ndakhala ndikupita kumene anathera, chifukwa iye sanabwere kumene ndili. Lero miyendo ya galimoto yake yakwera mtunda wanga n'kudzaima pa nkhokwe yanga, ine osadziwa, ndikuthawa ndi chitenje kumutu." Anapinda chitenje chija pamiyendo. "Zitsulozo zisachotsedwe. Galimotoyi ibwerere pakhomo panga, ndipo sichokanso. Iwe udzapita kwanu wapansi. Amalume akowa anyamata a m'mudzi awanyamula pamachira."

"Nanga za ukwati, mlongo wanga?" anafunsa a Fernando, mkwiyo wawo utasowa kolowera.

"Sindikudziwa. Sindikudziwa ngati mwanayu wandibera mwamuna kapena wandibweretsera. Mpaka ndidziwe, asaponde pakhomo panga."

Apa Bernardete anatsegula chitseko cha mbali yake, anatsika mosamala n'kuponda m'ngalande ya tayala, nayenda mokhudza galimoto mpaka anafika pawindo la Nélio.

"Amayi sakudziwa chimene mwachita," anatero. "Ine ndikudziwa. Za manda simunkadziwa, ndikukhulupirira. Koma munandiyang'ana kumaso n'kunena kuti Nsadzo."

"Bena, ndinachita manyazi."

"Ndikupita kukaona atate. A Timóteo ali komweko. Ndikawafunsa ndekha chimene anakuuzani, ndi chimene sanakuuzeni. Sindikudziwa kuti ndikhulupirira ndani."

"Ndikuperekezeni."

"Mwauzidwa kuti mubweze galimoto."

Potembenukira panalibe. Nélio anaika giya yobwerera m'mbuyo, anaika dzanja pampando, n'kucheuka kuti aone njira, ndipo nkhope imene anakumana nayo inali ya mayi Gilda, yosaphimba, ikumuyang'ana osaphethira. Galimoto inayamba kubwerera pang'onopang'ono. Kutsogolo, kumene iye sakanathanso kuyang'ana, Bernardete ankayenda yekha kulowera ku kamlatho kogumuka, kumene Timóteo anali atatsika pa njinga n'kumamudikira.